Amsana ndi Mwana wa Madontho

Achemwali anga anthu amawatcha Amsana, chifukwa sunkawapeza opanda mwana kumbuyo. Osati wawo, ayi. Ankagwira ntchito pa sukulu ya mkaka, chipinda chimodzi cha timipando tapulasitiki ndi matiresi onunkha mkodzo. Lamulo linalipo ndithu, loti mwana wodwala azibwerera kwawo. Koma mayi akafika wefuwefu, akuchedwa ku ntchito, n'kunena kuti, "Wangotentha thupi pang'ono, anti," achemwali ankangotembenuka n'kupereka msana. Ine ndinkawakalipira kuti mtima wabwinowu udzakupwetekani. Iwo n'kumaseka: "Iwe nsanje basi, ukufuna ndikuberekenso?"

Pabanja anakhala zaka zambiri osaona mwana. Alamu anapirira, koma apongozi pakamwa sipankatsekeka. Ndiye mimba itabwera, eee, tinavina m'khitchini mpaka mbale kugwa.

Chimene sitinachiganizire ndi ichi. Mimbayo isanadziwike n'komwe, kamtsikana kena kanabwera kusukulu ndi tiziphuphu tofiira kumaso. Achemwali anakabereka tsiku lonse, kakuwapumira m'khosi. Patapita milungu ingapo nawonso anatuluka tiziphuphu, tinatha tokha. Anati ndi sopo watsopano.

Mwana anabadwa wamng'ono, thupi lonse madontho akuda ngati wina wamutsinatsina. Namwino atamubaya pachidendene kuti ayeze magazi, magaziwo anakana kuleka. Thonje linanyowa, anatenga lina, linanyowanso.

Adokotala anafunsa, "Mayi, munatulukapo tiziphuphu mimba ili yaing'ono?"

Achemwali anangogwedeza mutu kuvomera.

"Ndi rubela, chikuku chopepuka chija. Kwa inu sichinali kanthu, koma kachilombo kake kanafika kwa mwana m'mimba. Timaselo tothandiza magazi kuundana tamuchepera, n'chifukwa chake akukha magazi pansi pa khungu."

Akuti katemera wake alipo, wolandira mimba isanabwere. Alipo! Munthu wasambitsa ana a eni zaka zonsezi, palibe ndi mmodzi yemwe anamuuza. Zimandiwawa mpaka lero.

"Achira koma?" ndinafunsa ine.

"Magaziwo tiwathandiza, madonthowo adzatha," anatero adokotala. "Koma diso ili lachita ng'ala, mtima sukumveka bwino, ndipo makutu ndikukayika." Anawonjezera kuti mwanayo akhala akufalitsa kachilomboko kwa miyezi yambiri, asamayandikire amayi oyembekezera.

Nanga pa sukulu ya mkaka pamalephera kufika woyembekezera? Ntchito inathera pomwepo. Amayi omwe aja ankawasiyira ana odwala, lero akawaona pamsewu amawapatsa moni ali patali.

Madontho anathadi. Tsopano achemwali amangokhala pakhonde, msana uli ndi mwana wawowawo koyamba, akumuimbira kanyimbo kaja kankagonetsa chipinda chonse cha ana olira. Alamu amabwera mochedwa, salankhula zambiri.

Dzulo ndikutsuka mbale, chivundikiro cha poto chinandipulumuka n'kugwera pasimenti, pafupi penipeni ndi iwo. Phokoso lake ngakhale galu wa aneba anauwa. Mwana sanadzidzimuke, sanaphethire n'komwe.

Achemwali anasiya kuimba. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene chinachake, sindikudziwa chiyani.

"Usandiuze, ndikudziwa," anatero osandiyang'ana.

Anakonza nsalu paphewa, n'kuyambiranso nyimbo ija poyambira.