Ananditulutsa pa maliro anu, Mayi Nora

Lero basi yadutsa ku Finglas, kuno kwa azungu, ndaona nyumba yanu, Mayi Nora, momwe ndinkakusamalirani nthawi ya mavuto a zachuma ija. Tsiku lina ndikukupesani tsitsi, munandiuza kuti kumudzi kwanu kalekale kunali amayi olira maliro mofuula, akutchula zabwino za malemu. Munandifinya dzanja: "Ana angawa sadzakhetsa msozi. Iwe udzandilire."

Ndinakuliranidi, mmene timalirira kwathu. Tchalitchi chonse chinacheuka. Mwana wanu wamwamuna, yemwe sanapondeko nthawi yonse munkadwala, anandikoka dzanja mpaka panja. "Za ku Africa zimenezo, kuno ayi." Ndinati ndi mwambo wa kwawo kwa amayi ake, koma anangotseka chitseko. Anakuikani mwaulemu, Mayi Nora, popanda wokulirani.