Filizesi imene ndinataya pafumbi ku Chiputula

Nkhaniyi ndakhala ndikuizemba kuyambira Loweruka. Ndinayamba kulemba za kukwera mtengo kwa matewera, ndinafufuta. Ndinayamba za kamvula ka ku Mzuzu kuno kosalola zovala kuuma, ndinafufutanso. Chimene chikundidya mumtima ndi china, ndiye bola ndingochinena.

Ndinalanda mwana wa zaka zisanu filizesi n'kuitaya pansi, mayi ake akuona.

Amene mumakhala mumzinda muno mukudziwa kuti Loweruka lililonse masana, pabwalo lina ku Chiputula, kumakhala zoimbaimba zaulere. Kumabwera mabandi a achinyamata, makwaya, nthawi zina madala a ng'oma. M'mbali mwa bwalomo mabungwe ang'onoang'ono a m'dera amayala matebulo awo: ena osamalira okalamba, ena osonkhanitsa zovala za makanda, ena ophunzitsa atsikana kusoka. Bandi ikamapuma, bungwe limodzi limapatsidwa maikolofoni kwa mphindi zochepa kuti lifotokoze ntchito yake.

Ine ndimapitako ndi mwana wanga Tawonga, wa zaka zinayi. Ndi mwana mmodzi yekhayo, ndipo ndivomere kuti ndimamulera ngati dzira. M'chikwama changa simusowa juzi, madzi owiritsa, timankhwala ta mutu ndi kabotolo ka sanitaiza. Bambo ake amati ndimayenda ndi chipatala paphewa.

Loweruka lapitali, mwayi woyankhula unagwera gulu la amayi amene ana awo ali ndi khunyu, matenda akugwa aja. Anaimirira mayi wina wamfupi, woyankhula mosathamanga. Ndiwatchule kuti NyaGondwe, ngakhale si dzina lawo lenileni.

"Monile mose," anatero. "Ine si dokotala, ndine mama chabe. Matenda awa sapatsirana. Mwana akagwa musathawe, musamuike supuni m'kamwa. Chotsani miyala pafupi, mugonekeni cham'mbali. Ana athu tawamanga kansalu kapepo pamkono, kuti wina akagwa uku akuvina, mudziwe kuti mama wake ali pa tebulo ilo. Basi. Yewo chomene."

Ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Ndinajambula chithunzi, n'kuchiika pa foni kuti onse ondidziwa aone. Pansi pake ndinalemba kuti, "Tisawasale, ndi ana athu."

Mawu amenewo muwasunge.

Bandi itayambiranso, ana onse anathamangira kutsogolo monga amachitira. Tawonga anali ndi filizesi yofiira imene ndinamugulira, ataiboola pakona ndi mano. Poyamba anayamwitsako Chisomo, mwana wa aneba athu ku Salisbury Lines, amene chimfine chake sichidziwa chilimwe kapena dzinja. Ndinaona, ndipo sindinanene kanthu. Ana ndi ana.

Kenako anayamba kuvina ndi kamnyamata kena kovala juzi yobiriwira. Kamwana kodziwa kuvina, kamapinda mawondo ngati mkulu wa malipenga, anthu mpaka kuseka. Tawonga anakapatsa filizesi ija, kanayamwa, kanabweza. Anayamwa iye, n'kukapatsanso. Ine kumwetulira, foni m'manja, ndikufuna kuwajambula.

Ndiye mnyamatayo anakweza manja m'mwamba potsatira nyimbo. Mkono wa juzi unatsetsereka. Kansalu kapepo.

Sindikukumbukira mmene ndinadutsira pakati pa anthu. Ndinangozindikira kuti ndatsomphola filizesi ija m'manja mwake ndipo ili pafumbi. Ndinagwira Tawonga pachibwano n'kumupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mwamphamvu, mpaka anayamba kulira. Ndinamumwetsa madzi n'kumuuza kuti alavule. Ndinatulutsa sanitaiza.

Mnyamata uja sanalire. Anayang'ana filizesi ikuchucha pansi, fumbi likusanduka lofiira. Kenako anayang'ana manja ake, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kuwapukutira pa kabudula wake.

Zimenezo ndiye zimene zikukana kuchoka m'maso mwanga.

"Wongani, zanga kuno, dada."

Mawuwo ndinawazindikira ndisanatembenuke. Anali NyaGondwe omwe aja, amene ndinali nditangowaombera m'manja, akuitana mnyamatayo m'Chitumbuka kuti abwere. Mwanayo anali wawo.

"Pepani mama," ndinatero. "Uyu wangayu ali ndi chifuwa. Ndimaopa kuti angampatsire mwana wanu."

Bodza. Tawonga sanatsokomoleko mwezi wonse uno.

NyaGondwe anayang'ana kabotolo kamene kanali m'dzanja langa, kenako anayang'ana ine. Sanakweze mawu.

"Zikanakhala choncho, mama, bwenzi mutapukuta wanga."

Ndinasowa pothawira. Bandi inali ikuimbabe, anthu akuvinabe.

"Musadandaule, si inu oyamba," anapitiriza. "Koma tsiku lina mukafuna kupukuta, muzipita naye kuseri kwa masipika uko. Wangayu wakula. Amaona."

Pamenepo Wongani anali akukoka kansalu kaja ndi mano, kufuna kukamasula.

"Amama, ndivuleni aka."

"Ayi dada," mayi ake anagwada n'kumubwezera mkono wa juzi bwinobwino. "Ukagwa, andiitana ndani?"

Sindinapepese. Ndikufuna muzimve bwino zimenezi, chifukwa n'zosavuta kukometsa nkhani ukamailemba wekha. Ndinanyamula mwana wanga, ndinaitana njinga ya kabaza, imene kuno timati sakaramento, ndinapita kunyumba. Panjira foni imanjenjemera m'chikwama: anzanga akutumiza timitima pa chithunzi chija. Wina analemba kuti, "Ndiwe mayi wachitsanzo." Ndinachifufuta tisanafike pakhomo.

Tsono, abale anga, ndikanakhala munthu wosadziwa, mwina ndikanadzikhululukira. Koma pakhoma la pabalaza pathu papachikidwa satifiketi ya zachitukuko cha m'madera, m'galasi, dzina langa lili pamenepo. Ku koleji ndinalembapo masamba angapo za kuipa kosala odwala, ndipo aphunzitsi anandiyamikira. Mutandidzidzimutsa n'kundifunsa ngati khunyu imapatsirana m'malovu, ndiyankha kuti ayi ndisanaphethire n'komwe.

Mutu umadziwa. Nanga dzanja lija linatumidwa ndi ndani?

Ndaganiza sabata yonse, ndipo ndakumbukira. Ndili sitandade 4, mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anagwa pa mzere wa m'mawa. Tonse tinabalalika titatseka mphuno, chifukwa tinauzidwa kuti munthu wotere akatulutsa mpweya iwe n'kuupuma, basi watenga. Anatsala yekha pansi, mutu ukugunda pa simenti, mpaka aphunzitsi anafika. Kuyambira tsiku limenelo palibe anamwanso m'kapu imodzi ndi iye. Teremu yotsatira sanabwerenso. Sindinafunsepo kuti anapita kuti, ndipo dzina lake ndaliiwala.

Kamtsikana kotseka mphuno kaja sikanapite kulikonse. Kanakula, kanapita ku koleji, kanakwatiwa, kanabereka. Loweruka kanatulukira pabwalo la ku Chiputula katavala chitenje changa.

Ndipo sindikukhulupirira kuti ndili ndekha. NyaGondwe anati si ine woyamba, ndipo ananena mopanda mkwiyo, ngati munthu amene akunena kuti kunja kukuwaza mvula.

Taonani mmene timachitira pabwalo paja. Bandi ikangosiya, wa bungwe n'kutenga maikolofoni, theka la anthu limakumbukira kuti lili ndi njala, ulendo kokagula tchipisi. Ine ndinkawanyoza anthu amenewa mumtima. Ndinkadziona wabwino chifukwa ndimatsala, ndimamvetsera, ndimaomba m'manja. Lero ndikuti bola iwo. Sanalonjeze kanthu, ndipo sanataye filizesi ya mwana wa munthu.

Ife otsalafe timakonda chifundo cha patali. Kuponya kangachepe m'mbale uku tikuvina, timatha. Kubweretsa jumbo ya zovala zimene ana athu zawathina, timatha. Kujambulitsa pafupi ndi tebulo la bungwe, apo ndiye ndife akatswiri. Zonsezi n'zabwino, musandimve molakwa, mabungwewa amazifuna. Koma mwaona kuti zonsezi munthu angathe kuchita osakhudza aliyense?

Amayi aja sanapemphe zovala. Sanayendetse mbale. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ana awo avine pakati pa ana athu, ndipo wina akagwa tisathawe. Kuti zimenezi zitheke, anachita chinthu chofuna kulimba mtima: anaika chizindikiro pa ana awo, pagulu, potikhulupirira ife. Kansalu kaja kamatanthauza kuti, uyu akagwa, itanani mayi ake. Ine ndinakawerenga kuti, uyu musamukhudze.

Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pakamwa mwambiwu umatsetsereka bwino. Koma ngwako mpaka pati? Mpaka pa chithunzi? Mpaka pa kuomba m'manja? Kapena mpaka pa filizesi imodzi yoboola pakona?

Lachiwiri m'mawa ndikuchapa pakhonde, Tawonga amasewera ndi zidole zake. Anaziyalira tizivindikiro ta mabotolo ngati mbale, kuzigawira mchenga. Chidole chimodzi chinali patali, pafupi ndi chitseko. Pamkono pake anali atachimanga kachingwe kochokera ku mopu.

"Nanga uyo bwanji sakudya?" ndinafunsa.

"Uyo sadya nafe, amami. Ali ndi kansalu."

Zimene amayi aja akhala akuphunzitsa pabwalo Loweruka ndi Loweruka, ine ndinazigumula kwa mwana wanga m'kamphindi kamodzi, osayankhula liwu n'limodzi lomwe. Sindinamuuzepo kuti Wongani ndi woopsa. Chitenje changa ndicho chinamuuza.

Ndinasiya zochapa, ndinakhala naye pansi. Ndinamuuza kuti Wongani amadwala nthawi zina, amagwa, koma matenda ake sangalowe mwa munthu wina. Kuti kansalu kaja ndi koitanira amayi ake basi. Anamvetsera maso ali pa ine, mchenga uli m'manja.

"Ndiye munatayiranji filizesi yanga?"

"Ndinalakwitsa, mwanawe. Ndinachita mantha."

"Mumaopa Wongani? Iye uja ndi wamng'onotu."



Bambo ake atabwera kuntchito ndinawafotokozera zonse, ndi za chidole zomwe. Ndinawauzanso kuti ndikufuna kulemba nkhaniyi. Anavula nsapato, kenako anati, "Lemba, palibe vuto. Koma Wongani amawerenga nyuzipepala?"

Anandilasa, ndipo ananena zoona. Kupepesa pano n'kosavuta. Inu simukundiona nkhope, ndipo mwina ena mwa inu mundilembera kuti ndalimba mtima. Chonde musatero. Ndalandira kale timitima tokwanira pa zinthu zimene sindinachite.

Chimene chikundiopsa kwenikweni si choti NyaGondwe akandiyankha chiyani. Ndikuopa kuti Loweruka likubwerali ndikapeza Wongani akuvina wopanda kansalu, atakakamira mpaka mayi ake kumugonjera. Ndiye tsiku lina adzagwe pakati pa miyendo ya anthu, nyimbo ikugunda, anthu n'kumafunsana kuti mwana uyu ngwa ndani, mayi ake ali pa tebulo cha uko osadziwa kanthu. Kapena osamupeza n'komwe, atanena kuti kovina sakufunanso. Zikatero, amene wamuvula kansaluko kapena kumuchotsa pabwalo ndi ine.

Sindikunamizani kuti mantha atha. Ndikudziwa kuti mwana wanga akadzaikanso pakamwa chinthu chochokera m'dzanja la Wongani, mantha aja adzabweranso. Zimene zinalowa ndili sitandade 4 sizituluka ndi nkhani imodzi ya m'nyuzipepala. Koma dzanja ndi langa. Ndingathe kulikhalira.

Ndiye Loweruka tikupita. Ndikayambira pa tebulo paja, osati kutsogolo kwa bandi. Ndikawauza NyaGondwe kuti Tawonga analibe chifuwa. Kenako ndikagwada kuti maso anga alingane ndi a Wongani, ndimuuze kuti manja ake analibe kanthu, kuti wolakwa ndinali ine. Ngati sakandiyankha, ndi ufulu wake.

Inu amene munali nane pabwalo paja, amene tinaombera limodzi m'manja, ndikusiyireni funso limene ine ndalephera poyera. Mwana wanu akadzabwera akuthamanga, pakamwa pali pofiira, atagwirana dzanja ndi mnzake wa kansalu kapepo, dzanja lanu lidzapita kuti?

Dzulo Tawonga anandifunsa kuti Loweruka tikagula mafilizesi angati. Ndinatsala pang'ono kunena kuti awiri, wina wake, wina wa Wongani, aliyense ayamwe yake. Zikanaoneka zaulemu, zikanaoneka ngati kupepesa, ndipo palibe akanadziwa chimene ndikubisa.

Ndamuuza kuti tikagula imodzi.