Lamba wa a Zuze

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga analowa mu gemu. Osati kuti ankasewera, ayi ndithu, munthu woti ngakhale wailesi ankati ikusokosa. Anzanga ndiwo anawalowetsamo.

Ku Chilobwe, kuseri kwa msika, kunali kachipinda kamalata ka a Gama. Munali TV imodzi, mapadi awiri osewerera gemu omata ndi selotepi, ndi benchi yogwedera. Munkanunkha thukuta ndi mafuta a tchipisi ochokera pa chiwaya chapafupi. Gemu yathu inali yandewu, ndipo omenyana a mmenemo anali ndi mayina achizungu amene sitinkawalabadira. Tinkawapatsa athu. Wowonda wina wolalata tinkati Kondakitala. Mayi wa zovala zoyera anali Sisitere, ngakhale mateche ake sanali a munthu wopemphera. Kamzere kofiira kapamwamba tinkati magazi, ndipo magazi akakuthera ndiye kuti wadyedwa, utsike pa benchi.

Ndiye panali chimphona chomaliza, chadazi, chosaseka, chonyamula unyolo. Chimenecho dzina lake linali a Zuze. A Zuze ndi bambo anga. Chikazunguza unyolo uja n'kukwapula, chipinda chonse chinkakuwa, "Lamba! Lamba wa a Zuze!"

Amene anayambitsa sindimudziwa, koma chifukwa chake panalibe wosachidziwa. Nyumba zathu zalendi zinali zogundizana, ndipo ine ndikalakwa, lamba wa bambo ankamveka mdadada wonse. Poyamba dzinali linkandiwawa mpaka misozi kulengeza. Koma dzina la ku gemu silikanidwa, ukalikana m'pamene limakakamira. Ndinangolimeza. Chodabwitsa n'chakuti katswiri wogwetsa a Zuze pa benchi ija ndinali ineyo.

Loweruka lina masana ndinathawa kalasi ya katekisimu n'kukakhala kwa a Gama. Mtima unali m'malo, poti bambo ankawotcherera zitsulo ku Limbe ndipo ankafika dzuwa litalowa. Sindinadziwe kuti tsikulo magetsi anazima kuntchito kwawo, anaweruka msanga, n'kukumana ndi aphunzitsi a katekisimu pa siteji.

Ndinali nditafika pa chimphona. Mnzanga Limbani, wa pakamwa posatseka, ankadumpha kumbuyo kwanga. "Amalize, Tomasi! A Zuze magazi awathera! Agwetse, aise!"

Kenako kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Phokoso linayamba kufa kuchokera kumbuyo, mmodzimmodzi, mpaka kunatsala kanyimbo ka gemu kokha. Sindinatembenuke. Fungo la chitsulo chopsa linandiuza kale amene waima pamenepo. Zala zinauma gwa, ndipo pa TV chimphona chinayamba kukwapula munthu wanga mmene chikufunira.

"Pitiriza," anatero bambo. Mawu awo anali otsika, ndipo otsikawo ndiwo ndinkawaopa kwambiri. "Ndamva dzina langa ndili panja. Akundiitana ndani?"

A Gama anawerama n'kuyamba kukonza waya amene sanawonongeke.

"Ndafunsa."

"Ndi uyo, bambo," anatero Limbani akuloza TV. "Wadaziyo. Timati ndi inuyo."

Bambo anayandikira. Anachiyang'ana chimphona chija nthawi yaitali, chikuzunguza unyolo pamwamba pa kamunthu kogona pansi.

"Nanga akuchitacho mumati chiyani?"

Ndinapemphera kuti Limbani alume lilime. Koma Limbani!

"Lamba."

Palibe anaseka. Bambo anangoti, "Tiye," n'kutuluka.

Njira ya kunyumba sinanditalikirepo ngati tsiku limenelo. Iwo patsogolo, ine pambuyo, maso anga pa lamba wakuda m'chiuno mwawo. Mlandu wothawa katekisimu ndinali nditauiwala. Ndinkaganiza za munthu wamkulu amene wamva ana a eni ake akukuwa kuti agwetsedwe, wogwetsayo ali mwana wake. Ndinadziwa kuti lero khungu lisupuka.

Tinapeza mayi akusankha nyemba pakhomo. Atationa nkhope anatitsatira m'nyumba, lichero lili m'manja. Bambo anatseka chitseko n'kumasula lamba. Ine ndinagwada ndisanauzidwe.

"Amake Tomasi," anatero, "kodi anthu amamva?"

Mayi sanafunse kuti amamva chiyani. "Makoma ake ano? Ngakhale mukatsokomola amamva. Kungoti amakuopani, sangakuuzeni."

Bambo anatembenukira kwa ine, lamba atamupinda pawiri. "Ndamva kuti iwe ndiye umamugwetsa wadaziyo."

"Eya, bambo."

"Anzako amalephera. Iwe umatani?"

Ndikanatha kunama, koma mantha anandilanda nzeru zonamira. "Ndimayang'ana phewa. Likangokwera ndimadziwa kuti lamba akubwera, ndiye ndimalewa."

"Unaphunzira kuti zimenezo?"

Maso anga anapita okha pa phewa lawo lakumanja. Iwonso anayang'ana pomwepo. Linali litakwera kale.

Mpaka lero ndimaliona phewa lija likutsika pang'onopang'ono. Anakhala pa mpando ngati munthu amene wasenza matumba tsiku lonse. Patapita kanthawi anabwezera lamba m'chiuno, akuphonya mabowo. "Dzuka. Pita ukapepese kwa aphunzitsi."

Ndinganame kunena kuti kuyambira pamenepo anasanduka munthu wanthabwala. Ukali sunawathere, ndipo kwa a Gama anandiletsa mpaka sukulu itatsekera. Koma lamba uja anatsala ndi ntchito imodzi, yogwira buluku. Ku gemu dzina silinasinthe. Ana amene sanawaonepo bambo anga ankakuwabe kuti lamba wa a Zuze.

Pano ndikumvetsa kuti chimene akuluakulu a mdadada wonse, ngakhale mayi anga, ankaopa kunena, ana ankachinena mokuwa tsiku ndi tsiku pa benchi yogwedera. Mayina amene ana amapereka posewera si opanda pake, amachokera pa zimene akuona. Lero ndimakhala ku Nkolokosa, ndipo mwana wanga amasewera magemu akewo pa foni ndi anzake pakhonde. Ndikamva akukuwa, ndimatsitsa wailesi n'kutchera khutu kuti ndimve dzina limene apatsa chimphona chawo.