Ngodya ya Wotchi

Anakumana pa masitepe a ofesi. Iye anali mtsikana wotaipa makalata m'chipinda cham'mwamba, ndipo bamboyo anali wokonza makompyuta, amene onse ankangomutchula kuti a Mawaya. Tsikulo a Mawaya anali kukwera kachisanu, thukuta lili kamukamu.

“Mwaononganso chiyani, mayi?”

“Si ine, ndi chinthu chanuchi. Mukafika chimakhala chete ngati mwana wakuba shuga.”

Atatopa ndi masitepe, a Mawaya analemba kapulogalamu kojambula zonse zooneka pa sikirini ya mtsikanayo n'kutumiza chithunzicho pa netiweki mpaka kuchipinda chawo chapansi. Zithunzi zoyamba zinkafika zoduka m'chiuno. Kenaka anaphunzira kuyamba atumiza kukula kwa chithunzi, kuti kompyuta yolandira idikire mpaka kachidutswa komaliza. Chaka chisanathe anakwatirana.

A Mawaya anali munthu wosalankhulalankhula, wa sikuludilaiva m'thumba la malaya ngakhale pa ukwati wa mwana wawo. Zaka makumi atatu anagwada pansi pa matebulo a anthu ena, mawondo a buluku ali mbuu.

Atakalamba anafa ziwalo mbali ya kumanja, lilime nalo linalemera. Mwana anali kutali. Mayiyo sakanasiya kashopu kake kotaipira anthu makalata, komanso mtima sunkamulola kusiya mwamuna yekha m'nyumba. Choncho a Mawaya anafukula kapulogalamu kaja ndi chala chimodzi chakumanzere. Kankajambula sikirini yawo mphindi iliyonse, ndipo chithunzi chikasiyana ndi cham'mbuyo, kankachitumiza kushopu. Chithunzi chikafika, mayi ankadziwa kuti bambo ali pampando, akupuma.

Lachitatu lina zithunzi zinkangobwera, mayi nataipa mtima uli m'malo. Atafika kunyumba anawapeza pansi pakhomo la kubafa, milomo itauma gwa. Anagwa m'mawa ndithu. Chimene chinkasintha pa sikirini chinali kawotchi ka pangodya, kamene kankadziyendera kokha, mwini wake ali pasimenti maola asanu.

Mayi analira akuwapukuta kumaso. “Ndikutseka shopu, bambo. Makina anuwa andinamiza.”

A Mawaya anapukusa mutu. Ankadziwa kuti kushopu n'kokhako kumene mkazi wawo ankasekabe ndi anthu. Analoza kompyuta, mayi nawakankhira pafupi monyinyirika.

Zinawatengera masiku asanu ndi atatu, ntchito imene kale akanaimaliza tiyi asanazizire. Chala chinkaphonya, iwo n'kufufuta, n'kuyambanso. Anauza kapulogalamuko kuti kazidula ngodya ya wotchi kasanayerekeze zithunzi.

Lolemba mayi anapita kushopu. Tsopano sikirini yake inali zii. Zitangodutsa mphindi khumi, iye anali atagwira kale chikwama. Kenaka chithunzi chinatsika pang'onopang'ono, chili ndi chilembo chimodzi pa tsamba loyera. Patapita mphindi khumi chinabwera china, zilembo zili ziwiri. Mayi anakhala pansi.

Anakhala chotero miyezi isanu ndi iwiri yotsiriza ya moyo wa a Mawaya, nkhalamba ikudzuka ku tulo take ta masana kuti igogode batani. Tsiku lina chakumasana kunafika chithunzi cha mawu athunthu, amene ayenera kuti anawatengera theka la ola.

“Ndatopa, mayi. Ndigoneko ola limodzi. Musathamange.”

Mayi anaika chikwama pamiyendo, nayang'ana wotchi ya pakhoma.