A Singano ndi Mawondo a Mdzukulu Wawo

Mayi amene mpingo uno unkawadziwa ndi dzina lakuti a Singano, chifukwa cha ntchito yawo yosoka, anakula ndi mawondo ogundana. Kusukulu anzawo ankawatcha bakha. Kugwada kunkawapweteka, komabe moyo wawo wonse anagwada pa simenti ya m'tchalitchi, pamene ena a mawondo abwino amangoweramitsa mutu. Iwo ndiwo ankasoka nsalu za paguwa, ndipo madiresi onse amene ankavala anali ofika m'mapazi, obisa mawondo aja.

Atakalamba, anaona mdzukulu wawo wamkazi akuyenda monga iwo: mawondo kukhulana, akakolo kutalikirana, nsapato kutha mbali imodzi. Anapita naye kuchipatala. Dokotala anafotokoza kuti aika kachitsulo kumbali ya mkati ya bondo lililonse kuti mbaliyo ichedwe kukula, mwendo uziwongoka wokha mwana akamakula. Anachenjezanso kuti miyendo ikadzawongoka tizitsuloto tidzachotsedwe, kupanda kutero idzapindikira kunja.

Opaleshoni itatha, miyendo inkaoneka chimodzimodzi. Bambo a mtsikanayo, mwana woyamba wa a Singano, anapsa mtima.

"Amayi, mwandichekeretsa mwana pachabe!"

"Ugwire mtima, mwana wanga," anatero. "Ngakhale ine diresi sindimaliza tsiku lomwelo."

Mwezi ndi mwezi a Singano ankayeza mpata wa pakati pa akakolo a mtsikanayo ndi tepi yawo yosokera, akupemphera chamumtima. Mpatawo unachepa mpaka unatha. Apa ndi pamene panabwera yesero lalikulu, pakuti bambo uja anathokoza Mulungu pamaso pa mpingo, kenaka anakana zobwerera kuchipatala.

"Mulungu wachiritsa kale. Mpeni winanso ndi wachiyani?"

"Iwe, wakulira pansi pa makina anga," anayankha a Singano. "Ulusi wogwirizira timauchotsa chovala chikatha. Ukausiya, chovala chimakwinyika."

Iye sanamve. Pamenepo mayi wokalambayo anagwada pamaso pa mwana wobala yekha, pa mawondo opweteka aja, nakana kudzuka. Bamboyo anagwetsa misozi, anawadzutsa, ndipo sabata yomweyo tizitsulo tinachotsedwa.

A Singano anatisiya mwamtendere masana ena, atatsamira pampando pafupi ndi makina awo, buku la mapemphero lili pamiyendo. Pa mwambo wa maliro, mdzukulu uja ndiye ananyamula mtanda patsogolo pa bokosi, akuyenda mowongoka. Anavala diresi lomaliza limene agogo ake anasoka, ndipo linali lolekeza m'mawondo.