Mchenga M'beseni la Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinaona sitima koyamba. Kwathu ku Kavalamanja njanji kulibe, ndipo m'dera lonse la Feira mulibe. Ife tinkadziwa bwato, nkhafi ndi kulira kwa maboti odutsa pa Zambezi. Chaka chimenecho amalume a Zuze, mlongo wawo wa amayi, amene ankayendetsa sitima za katundu, ananditengera ku Kabwe pa holide.

Tsiku lina anandipemphera chilolezo kuti ndikaone kumene mitu ya sitima imagona. Mitu imene iwo ankayendetsa inali ya mtundu umene anzawo onse ankangoutchula kuti ma Yu-twente. Mutu uliwonse unali chinthu chachitali kuposa nyumba yathu, chonunkha dizilo ndi girisi, ndipo chikamalira ndinkamva kunjenjemera mpaka m'mano. Amalume anandifotokozera kuti injini ya dizilo ija siizunguza mawilo ayi. Imazunguza jenereta, jenereta n'kupanga magetsi, magetsiwo n'kupita ku mamota okhala kunsi, pafupi ndi mawilo. Ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumva, koma zambiri zinandipita.

Chimene chinandigwira mtima chinali china. Ndinaona bambo wina akuthira mchenga m'bokosi la m'mbali mwa mutuwo, ndipo kuchokera m'bokosimo kapaipi kankatsikira kutsogolo kwa wilo.

"Amalume, kansi sitima imadya mchenga?" ndinafunsa ndikuseka.

"Siidya, mwana iwe," anandiyankha. "Mvula ikagwa njanji imaterera. Mphamvu zilipo zambiri, koma wilo likasowa pogwira limangozungulira pamodzimodzi. Ndiye timathira mchenga, n'kunyamuka pang'onopang'ono. Ukathamangira kutsegula mphamvu zonse, wangowononga njanji chabe."

Nditabwerera kumudzi ndinafotokoza nkhaniyi kwa aliyense wokhala ndi makutu, ndipo onse anandiseka. Sindingawaimbe mlandu. Kwathu mchenga ndi mdani wa galimoto. Galimoto iliyonse yobwera kudzagula nsomba inkatitimira mumchenga wa m'makwawa, ife ana n'kumathamangira kukakankha. Ndiye wina aziti pali chimakina chimene chimanyamula mchenga dala kuti chiyende? Anzanga anandipatsa dzina loti Sitima. Zinkandiwawa, koma ine liuma ndinabadwa nalo, sindinasinthe mawu anga.

Dzinja litafika, amayi anali oyembekezera. Matenda anayamba m'mawa, ndipo dzuwa lili paliwombo azamba anatuluka m'nyumba n'kuuza atate kuti mwana wapingasa, pakufunika chipatala msanga. Boti la injini linali litapita kutsidya. Galimoto yokha imene inalipo inali kavaneti ka ba Mulenga, wogula nsomba wa ku Lusaka. Amayi anawagoneka pamatiresi kumbuyo. Tinakweramo atate, azakhali a Rozina, anyamata awiri a m'mudzi, ndi ine nditanyamula beseni la nsalu za mwana.

Mvula inali itangokata kumene. Titaoloka khwawa lina panjira ya ku Boma tinafika pachitunda cha dothi loterera ngati sopo. Galimoto inakwera pang'ono, kenako matayala a kumbuyo anayamba kuzungulira pamodzimodzi, ndipo tinabwerera pansi chamfutambuyo. Amuna anatsika n'kukankha. Anadula nthambi n'kuziika pansi pa matayala, koma zinkangofumbuka kumbuyo pamodzi ndi matope. Ba Mulenga ankaponda moto mpaka utsi kuti tolo. Nthawi yonseyi amayi ankabuula, koma kenako anasiya. Kukhala chete kwawoko ndi kumene kunandiopsa kuposa zonse.

Ndinakhuthulira nsalu zija pamiyendo ya azakhali, n'kutsetsereka ndi beseni kupita kukhwawa. Pokhota madzi panali mchenga wokhakhala, wosakanikirana ndi timiyala. Ndinadzaza beseni, kusenza, kukwera, n'kukathira kutsogolo kwa tayala.

"Iwe Luwiza!" anakalipa atate, nkhope ili matope okhaokha. "Mai wako ali kufa, iwe uli kusewera na mchenga?"

Ba Mulenga anasuzumira pawindo. "Uyu mwana afuna kutijamisa manje, motoka ititimire. Mchenga na motoka sivimvelana, mwandi."

Misozi inkatsika, koma ndinabwereranso kukhwawa. Ulendo wina ndinaterereka n'kugwa, mchenga wonse n'kutayika. Ndinadzuka n'kukatapa wina. Mumtima ndinkati kaya andimenya, adzandimenyere kuchipatala. Azakhali atandiona ndikukweranso, anatsikira kukhwawa, n'kuyala chitenje chawo pamchenga kuti atutiremo.

Ba Mulenga anayesanso, koma anaponda moto monga kale, ndipo mchenga wathu wonse unathera kumaso kwa okankha. Mmodzi wa anyamata aja anaseka kuseka kowawa. Ndinapita pawindo, ndinagwira chitseko ndi manja onse awiri.

"Ba Mulenga, napapata. Amalume anakamba kuti pang'onopang'ono chabe. Mukaponda maningi izangozungulira."

Anandiyang'ana, kenako anatembenuka kuyang'ana amayi kumbuyo. Anazimitsa injini, n'kutsika, n'kutenga thumba lopanda kanthu la nsomba. "Tiyeni tonse," anatero. "Tafaka kale vonse vinangu vakanga."

Tinatuta mchenga tonse, ndi atate omwe. Tinauthira mokhuthala m'mizere iwiri, kuyambira pamatayala mpaka pamwamba pa chitunda. Nditaima n'kucheuka ndinaona kuti tinali titayala njanji yathuyathu. Ba Mulenga analiza injini motsitsa, ngati munthu wonong'ona. Matayala anaterereka kamodzi, kenako ndinamva timiyala tikulira pansi pake. Galimoto inayamba kukwera mwa kayendedwe ka nkhalamba, ife tikukankha, ine ndikufuula kuti asaonjezere moto, mpaka tinafika pamwamba.

Kuchipatala amayi anathamangira nawo ku opaleshoni. Dzuwa lisanalowe namwino anatuluka n'kutiuza kuti onse awiri ali moyo, mwana ndi wamwamuna. Ndinakhala pansi pakhonde n'kulira kulira kumene ndinakusunga tsiku lonse.

Sitima sindinaiyendetsepo, ndipo za jenereta zija ndinadzazimvetsa nditakula. Koma ndikaganiza za chitunda chija ndimaona kuti mphamvu sizinasowe tsiku limenelo. Injini inalipo, amuna analipo. Chimene tinkasowa chinali pansi pa mapazi athu, ndipo tinkachidutsa chifukwa tinazolowera kuchiona ngati mdani. Ndimadziwanso kuti ineyo sindinali wotsimikiza kuti zitheka. Ndinkangodziwa kuti kukangana sikukadakweza galimoto, ndipo ndikadadikira kuti akuluakulu ayambe andikhulupirira, amayi sakadafika. Mpaka lero zinthu zikandithina ndimayamba ndatapa beseni loyamba, zokamba pambuyo.

Atate anali munthu wosadziwa kupepesa mwana, ndipo sanandipepese. Kutchalitchi mlongo wangayo anamubatiza kuti Yosefe. Koma tsiku lotuluka m'chikuta, achibale atasonkhana pabwalo, atate anamunyamula, n'kubwera naye molunjika kwa ine, n'kumuika m'manja mwanga.

"Sitima," anatero, "tenga Mchenga wako."

Lero Yosefe ndi bambo wa ana ake, koma ku Kavalamanja mukamufunsa ndi dzina la ubatizo palibe angakulozereni nyumba yake.