Chitseko cha Kalavani ya Eni Ake

Bambo anga ankakhoma zidebe kuseri kwa msika wa ku Limbe. Ndowa, mbaula ndi nyale za koloboyi ndi zimene zinandiphunzitsa sukulu mpaka ndinakapeza ntchito ya ukalaliki ku Gigiri, mu Nairobi. Anamwalira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo telegalamu inandipeza ataikidwa kale. Amalawi anzathu anabwera kunyumba kudzandipepesa monga tinkachitira, kuyimba ndi kupemphera.

Pagulupo panali akulu ena okhala ku Runda, dera la anthu olemera, apaudindo kuntchito kwathu, omwe tayi sankavula ndi Loweruka lomwe. Atamva ntchito ya malemu anaseka.

"Okhoma zidebe? Ndiye mwayesetsatu, achimwene. Kuchoka kumangwengwengwe kuja mpaka kugwira cholembera!"

Pamaliro a bambo anga, m'nyumba mwanga, atagwira kapu yanga ya tiyi! Ndinangoti zikomo, koma mtima unali kuwira. Mawuwo ndinawasunga zaka ziwiri, osatayapo ndi limodzi lomwe.

Tsiku lina akuluwo anandiyitanira kuseri kwa ofesi, nkhope ili gwaa. Mzungu amene anali bwana wathu tonse anapita kwawo kutchuthi, n'kuwasungitsa kalavani yake, kanyumba kokoka ndi galimoto, kakalekale, ka aluminiyamu yokhayokha. Ankaikonda kuposa ana ake. Akulu aja anaitenga mwakachetechete kupita nayo kunyanja ya Naivasha kukadzionetsera, ndipo pobwerera chitseko chinatseguka n'kumenya chipilala cha geti. Chinapindika pakati, dzenje lokwana mutu wa munthu. Amakaniko a ku Athi River anawauza kuti chitseko chotere sichipezekanso, bola angoikapo lata. Mwiniwake anali atatsala milungu iwiri kuti abwere.

"Ndamva kuti inu zazitsulozi mumazidziwako," anatero, maso ali pansi.

"Ine? Inetu ndi wacholembera, akulu."

"Chonde, achimwene. Ndikachotsedwa ulemu."

Ndinavomera, koma ndinati tikagwire Lamlungu masana, Amalawi akamasonkhana kunyumba kwa akuluwo tikaweruka kutchalitchi. Anameza malovu n'kuvomera.

Nditachiona chitsekocho ndinagwira pakamwa. Anali atayesa kale okha ndi hamala yokhomera misomali, n'kuchisiya ndi zilonda ponseponse. Aluminiyamu simenyedwa choncho. Ukaimenya ndi chitsulo imatambasuka n'kuuma, kenako n'kung'aluka. Ndinachizula, n'kuchigoneka pathumba la mchenga. Ndinapaka sopo wochapira pamalo opindikawo n'kuwawula ndi moto wa pulayimasi pang'onopang'ono. Sopo akada, ndiye kuti chitsulo chafewa, ukapitiriza, chimasungunuka. Bambo anandiphunzitsa zimenezi ndisanadziwe kulemba dzina langa.

"Vulani tayiyo, akulu. Gwadani apa mugwire."

Anagwada pakapinga, anthu onse akuyang'ana, azimayi ataleka nkhani zawo. Ndinayamba ndi nyundo yamtengo, kuchokera m'mphepete mwa dzenje kuzungulira kulowera pakati. Ngwe, ngwe, ngwe, mpaka agalu a ku Runda konse anauwa.

"Mwasunthatu! Gwirani zolimba. Kodi manjawa ndi osayinira basi?"

Thukuta linali kamukamu, mawondo a thalauzi atabiriwira. Ndinawagwaditsa maola anayi, ngakhale ntchitoyo inali ya maola awiri. Ndisaname, ndinamva kukoma. Pamapeto ndinayendetsa chikhatho pachitseko osamvanso bampu ndi limodzi lomwe. Anthu anaomba m'manja, koma akuluwo anangoti, "Eya, fundi wathu," monga amaitanira aliyense wantchito zamanja m'Chiswahili, akusekerera ngati akuyamikira wowasokera nsapato. Dzina la amene anandiphunzitsa sanalifunse n'komwe.

Apo m'pamene ndinatsimikiza mtima. Aluminiyamu yakale imakhala yotuwa, ndipo mmisiri wofuna kubisa ntchito amasiya chimene wakonzacho chotuwa chomwecho kuti chifanane ndi chinzake. Ndinkadziwa bwino lomwe. Koma ndinaitanitsa sitiliwulo ndi polishi, n'kuchikwecha chitsekocho mpaka munthu kumadzionamo mano. Nditachibwezera, chinkang'anima chokha pakalavani yonse yotuwayo.

"Ha! Chaposa chatsopano!" anakuwa akuluwo, akukonza tsitsi pomwepo. "Mzunguyo sadziwa kanthu."

"Sadziwadi," ndinayankha, ndikupukuta m'manja.

Mzungu uja anachionera ali pageti, asanatsike m'galimoto. Akazi a akuluwo anauza akazi anga kuti amuna awo anachita chibwibwi, kenako n'kuulula zonse, za Naivasha ndi za hamala zomwe. Ntchito sinawathere, koma nkhaniyo inazungulira maofesi onse a ku Gigiri, ndipo palibe anawasungitsanso ngakhale ambulera.

Lolemba m'mawa ndinaona anthu awiri akulowa muofesi ya makalaliki, mzungu patsogolo, akulu aja pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Mataipi onse anasiya kulira. Mzunguyo anati wafufuza chitseko chonse ndi zala osapeza pamene panapindika, ndipo akufuna kudziwa kumene ndinaphunzira ntchito yotere.

Ndinaimirira n'kukonza jekete.

"Afunseni akuluwa, bwana. Amadziwa bwino kumene ndinachokera."

Mzungu anatembenuka. Akulu aja anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana denga, koma makalaliki khumi anali akudikira.

"Bambo awo," anatero motsitsa mawu. "Anali mmisiri."

"Mmisiri wa chiyani, akulu? Kwezani mawu, kumbuyoko sakumva."

"Wokhoma zidebe."

"Eya," ndinatero. "Ku Limbe, kuseri kwa msika."

Ndinakhala pansi n'kutola cholembera changa, koma tsamba lonse sindinkaliona. Kuchokera tsiku la telegalamu lija, apo m'pamene ndinawalira koyamba bambo anga.